Funsani Aphunzitsi: Munthu wakupha ngati Macbeth angakhale bwanji ngwazi?

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa Fomu 4 pasukulu ina yoyendera kuno ku Bangula. Tikuwerenga sewero la Shakespeare lotchedwa Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE. M'manotsi atilembetsa kuti Macbeth ndi tragic hero ndipo chinamugwetsa ndi kulakalaka ufumu. Ine sizikundilowa m'mutu. Munthu anapha mfumu ili m'tulo m'nyumba mwake, anaphetsa mnzake, anaphetsanso mayi ndi ana osalakwa. Ungwazi wake uli pati? Chinanso, malume anga anagwidwa ndi ng'ona akuvuula ukonde mu Shire, munthu amene sanalakwirepo aliyense. Bwanji anthu ngati iwowo satchedwa dzina limeneli?

YANKHO: Mwanangu, ndiyambe ndi kukupepesa chifukwa cha malume ako. Tonse amene tinakulira m'mbali mwa Shire tikudziwa mfuu imene imamveka kudooko tsiku lotero, ndipo sindikufuna kuti mawu a m'mabuku apeputse chisoni chako. Funso lako ndi labwino kuposa manotsi akowo, choncho ndiliyankha mofatsa.

Chimene chikukusokoneza poyamba ndi liwu lakuti ngwazi. Kwathu kuno ngwazi ndi munthu amene wapha chilombo chovutitsa mudzi, ndipo ife akuluakulu tikalimva timakumbukiranso dzina limene ankatchedwa nalo Kamuzu. Ndi liwu lotamanda. Koma m'sewero latsoka, ngwazi ndi munthu amene nkhani yonse yatsamira pa iye, amene anthu asonkhana kudzaona kugwa kwake. Ine ndinkauza ana a m'kalasi mwanga kuti tizimutcha ngwazi yatsoka, ndipo tizikumbukira kuti liwu lolemera pamenepo ndi lachiwirilo.

Masewero amtunduwu anakhwimira ku Athens, m'dziko la Greece, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Chaka ndi chaka kunkachitika chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, ndipo anthu ankakhala pamtsetse wa phiri kuonera alembi akupikisana. Ochita sewero anali amuna okhaokha, ovala zigoba kumaso, olankhula osapitirira atatu, kumbali kuli gulu loimba limene linkayankhira nkhaniyo monga amachitira amayi pamaliro. Alembi amene masewero awo anatifika ndi Aeschylus, Sophocles ndi Euripides. Patapita zaka ndithu, cha m'ma 335 Yesu asanabadwe, Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece konko, analemba kabuku kotchedwa Poetics. Iye sanali mlembi wa masewero. Anangokhala pansi n'kudzifunsa kuti, n'chifukwa chiyani masewero ena amatigwira mtima pomwe ena timangowaonera n'kumapita kwathu?

Yankho lake analipeza pochotsa anthu amene sangakwanitse. Munthu wabwino kotheratu akagwa m'tsoka, anatero Aristotle, oonera amangonyansidwa ndi kupanda chilungamo kwake. Woipa akakwera n'kupeza bwino, palibe chomvera chisoni. Woipa kotheratu akagwa, timati zamukwana, ndipo sitichita mantha chifukwa sitidziona mwa iye. Wotsala ndi munthu wapakatikati: wolemekezeka, wochita bwino, amene si mngelo komanso si chigawenga, yemwe akugwa chifukwa cha kulakwitsa kwake kwakukulu.

Apa ndi pamene malume ako akutulukira m'gululi, ndipo n'kuwalemekeza kutero. Ng'ona ija sinabwere chifukwa cha chosankha chawo. Anapita kukafuna ndiwo za ana monga achitira msodzi aliyense. Imeneyo ndi ngozi, ndipo ngozi imapweteka mwinanso kuposa, koma ilibe mbewu imene munthu anafesa yekha. Ngwazi yatsoka imakolola m'munda mwake.

Kulakwitsa kuja Aristotle anakutcha hamartia. Liwuli limachokera ku mneni wotanthauza kuphonya, monga mlenje akaponya mkondo n'kulasa pambali. Uone bwino: wophonya amakhala kuti analinga ndithu, dzanja linali lamphamvu, koma mkondo unagwera pena. Zakuti hamartia ndi chilema cha m'khalidwe, chimene manotsi ako akuchitcha tragic flaw, zinafala pambuyo pake, makamaka kudzera mwa akatswiri ngati A. C. Bradley amene anatulutsa buku lake la masewero atsoka a Shakespeare mu 1904. Matanthauzo onse awiri ndi othandiza, koma amene angoloweza liwu limodzi, kuti Macbeth ndi kulakalaka, Othello ndi nsanje, amakhala ngati munthu amene wapatsidwa dzina la nsomba koma sanailawe.

Munthu amene Aristotle ankamukonda pa onse ndi Oedipus wa m'sewero la Sophocles, ndipo ndikufuna umudziwe bwino chifukwa iyeyu ndiye muyeso wa anzake onse. Laius, mfumu ya ku Thebes, analoseredwa kuti adzaphedwa ndi mwana wake. Khanda litabadwa analiboola akakolo n'kulipereka kwa mbusa kuti akalitaye kuphiri la Cithaeron. Mbusayo anachita chifundo, analipatsa mnzake, ndipo mwanayo anakakulira kunyumba ya mfumu ya ku Corinth akuyesa kuti amenewo ndiwo makolo ake. Atakula anamva ku kachisi wa ku Delphi kuti adzapha bambo ake n'kukwatira mayi ake. Anathawa ku Corinth chifukwa chowakonda makolo akewo. Panjira, pamphambano ya njira zitatu, analimbirana njira ndi mkulu wina wa pangolo, mtima unamupsa, anamupha. Atafika ku Thebes anamasulira mwambi wa chilombo chotchedwa Sphinx chimene chinkatha anthu, ndipo eni mzinda anamupatsa ufumu pamodzi ndi mfumukazi yamasiye, Jocasta.

Zonsezi zimakhala zitachitika kale seweroli likamayamba. Chimene timaona ndi mliri mumzinda, ndi mfumu yokonda anthu ake imene ikulumbira kuti ipeza amene anapha Laius, zivute zitani. Mlosi wakhungu Tiresias akumuuza kuti wakuphayo ndi iwe, iye akupsa mtima n'kumunyoza. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mfumu ikuona ngati ndi chiwembu. Kenako kukubwera mthenga wa ku Corinth ndi nkhani imene akuti imukhazika mtima pansi: usaope, amene unkawathawa aja sanali makolo ako okubala. Mawu otonthozawo ndi amene akugumula nyumba yonse. Kutembenuka kotereku, pamene chinthu chibala zosiyana ndi zimene chinalinga, Aristotle anakutcha peripeteia, ndipo chitsanzo chake anapereka chomwechi. Jocasta wazindikira kale, akumuchonderera mwamuna wake kuti asafunsenso. Oedipus sakutha kusiya. Akuitanitsa mbusa wokalamba uja, akumuumiriza kulankhula, mpaka choonadi chonse chili pambalambanda. Kuzindikira kumeneko ndiye anagnorisis. Jocasta akudzimangirira, Oedipus akutenga mapini a golide a pachovala cha mayi ake n'kudziboola maso.

Tsono ndikufunse, mwanangu: chinamugwetsa Oedipus n'chiyani? Ena amati mkwiyo, ena amati kudzikuza kumene Agiriki ankakutcha hubris, ndipo zonsezo zilipo. Koma ine ndimaona kuti nzeru yosasiya funso lisanayankhidwe, imene inapulumutsa Thebes kwa Sphinx, ndi yomweyo imene inamuvula ufumu. Akanakhala mfumu yaulesi, yosalabadira kulira kwa anthu, akanafa ndi ukalamba pampando. Mfundo imeneyi uigwiritse: ngwazi yatsoka imagwa ndi mwendo womwewo umene inakwerera. Uonenso kuti Oedipus safa kumapeto kwa seweroli. Imfa si lamulo. Chofunika ndi chakuti agwe, ndipo aone yekha kuti dzanja lake linalimo.

Tibwere kwa Macbeth wako. Ndikuvomereza kuti sakwana bwinobwino pa muyeso wa Aristotle, ndipo kudandaula kwako n'komveka. Oedipus anapha osadziwa kuti akupha ndani. Macbeth anadziwa zonse. Shakespeare, amene analemba seweroli cha m'ma 1606, sankatsata malamulo a Agiriki ngati mmisiri wotsata pulani. Anatenga munthu n'kumukankhira kumapeto kwenikweni kwa chifundo chathu, kuti aone ngati tingamutsatirebe.

Bwererako ku chiyambi cha buku. Tisanamuone n'komwe, tikumva msilikali wovulala akusimba za kulimba mtima kwake pankhondo, ndipo mfumu Duncan ikumukweza kukhala Thane of Cawdor, kutanthauza mkulu wolamulira dera la Cawdor. Ndi munthu amene dziko la Scotland likudalira. Usiku wa chiwembu uja akukhala yekha n'kudziwerengera zifukwa zosaphera: Duncan ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wake amene ayenera kumutsekera chitseko kuti adani asalowe, ndiponso walamulira mofatsa. Akufika pouza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepa. Atapha, akubwera manja ali magazi, akudandaula kuti analephera kunena ameni pamene wina ankapemphera, akuti wamva mawu akuti sadzagonanso tulo, akuti nyanja yonse singatsuke dzanja lake. Chigawenga chenicheni sichilankhula choncho. Iago wa m'sewero la Othello amawononga anthu mtima uli zii, ndipo palibe amamutcha ngwazi. Macbeth ali ndi chikumbumtima chamoyo, ndipo tsoka lake ndi lakuti akuchipha pang'onopang'ono ife tikuona. Kulimba mtima kumene kunamupatsa ulemu pankhondo ndi chingwe chomwe mkazi wake akukoka pomufunsa ngati ali mwamuna.

Pali msampha umene ana a kuno amagweramo kawirikawiri, ndipo ndinkauona chaka ndi chaka pochonga: kulemba kuti Macbeth analodzedwa. Ife timafulumira kuloza mfiti zinthu zikaipa. Koma werenga bwino. Afiti atatu aja sanamuuze kuti aphe munthu. Ananena kuti adzakhala Thane of Cawdor, kenako mfumu, basi. Banquo, mnzake amene anadzamuphetsa uja, anali pomwepo, nayenso analoseredwa kuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanasolole mpeni. Ukamuchotsera Macbeth ufulu wosankha, wamusandutsa wogwidwa ndi ng'ona, ndipo seweroli latha mphamvu.

Akaphetsa mkazi ndi ana a Macduff, mkulu wina wa ku Scotland amene anamuukira, chifundo changa chimatsala pang'ono kutha, ndipo sindikuona cholakwika ukalemba zimenezo pamayeso bola upereke umboni. Chimene chimandibwezera kwa iye ndi chigawo chomaliza. Akudziyang'ana n'kunena kuti moyo wake wafota ngati tsamba lachikasu, kuti zimene ukalamba umayenera kukhala nazo, ulemu, chikondi ndi abwenzi, iye asayembekezere. Atamva za imfa ya mkazi wake akupeza kuti moyo wonse ndi phokoso lopanda tanthauzo. Kenako malonjezo a afiti amene ankadalira, akuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itafika kulinga lake ku Dunsinane ndiponso kuti wobadwa mwa mkazi sangamuphe, akusweka limodzilimodzi: nkhalango ya Birnam ikuyenda kupita ku Dunsinane chifukwa asilikali anyamula nthambi, ndipo Macduff akuulula kuti sanabadwe mwa masiku onse, anachita kutumbulidwa m'mimba mwa mayi ake. Macbeth wazindikira kuti ananamizidwa, komabe akunyamula chishango. Ndikamafika pamenepo ndimalira munthu amene akanakhalapo, amene tinamuona pachiyambi paja. Udziwenso kuti Macbeth wa m'mbiri analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Shakespeare ankalemba mu ulamuliro wa James I, amene banja lake linkadziwerengera kuti linachokera kwa Banquo.

Aristotle ankafuna anthu a m'mabanja otchuka, chifukwa mlambe ukagwa mudzi wonse umamva. Mu 1949 Arthur Miller wa ku America anatsutsa, nati munthu wamba nayenso akhoza kunyamula tsoka lotere. Ine ndili kumbali ya Miller, ndipo chifukwa chake ndi bambo ena amene ndinawadziwa pamene ndinkaphunzitsa kutsidya, cha ku Makhanga. Sanali mfumu, koma akalankhula anthu ankamva. M'njala ya 2002, anthu akukumba nyika m'dambo kuti apeze choika m'kamwa, iwo ndi amene sanataye dimba. Madzi akangophwera ankabzala chimanga ndi mbatata, ndipo mbewu yawo inadzutsa mabanja ambiri. Akuluakulu a boma akabwera kudzanena zosamukira kumtunda, bambowo ankayankha kuti manda a makolo ali pano, dothi lotidyetsa lili pano, kumtundako tikadya miyala? Mawu amenewo sanali opusa, ndipo ambiri anakhala chifukwa iwo anakhala.

Mu Januwale 2015 madzi anabwera. Iwe unali wamng'ono, koma akuluakulu akuuza mmene anthu anachezera m'mitengo ndi pazulu kudikira mabwato ndi ndege. Mdzukulu wa bambowo anapita ndi madzi. Ndinakawapeza kumsasa kwanu konko ku Bangula, atakhala pa thumba lopanda kanthu kuseri kwa tenti, chipewa chili m'manja, akuchipotokola m'mphepete. Ndinayamba kuwapepesa kuti madzi saiwala khwawa, ndi za Mulungu izi. Anandidula. Anati, "Aphunzitsi, amene ndinati tisachoke ndine." Sananenenso china. Kuuma mtima kumene kunadyetsa mudzi ndi kumene kunausunga panjira ya madzi, ndipo mwini wake anaona yekha popanda womuuza. Ndinali nditaphunzitsa liwu lakuti anagnorisis zaka zambiri, koma ndinalimvetsa tsiku limenelo.

Zimene ndinamva m'mtima mwanga ndi ziwiri zomwe Aristotle ananena kuti sewero latsoka liyenera kudzutsa. Chisoni, chifukwa chilango chinaposa kulakwa. Mantha, chifukwa ndikanakhala ine ndikanalankhula chimodzimodzi. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aristotle anati ziwirizi zikadzutsidwa n'kutuluka, mtima umatsukika, ndipo kutsukikako anakutcha catharsis. Wakhalapo pamaliro pamene amayi alira usiku wonse, m'mawa n'kutuluka m'nyumba maso ali otupa koma mtima utapepukako. N'zofanana ndi zimenezo.

Pamayeso, onetsa kumene Macbeth anayambira, pamene anasankha, mmene chosankhacho chinabalira zinzake, ndi pamene anazindikira. Chilichonse chikhale ndi chochitika cha m'buku pambali pake. Ndipo kukayika kwakoko usakutaye, ukulembe m'ndime yake.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine bambo wa zaka 58 wa kwa Malemia, Nsanje. Achinyamata a m'mudzi mwathu akufuna kupanga sewero la M'bona. Mmodzi mwa iwo akuti M'bona ndi ngwazi yatsoka ngati za m'mabuku a azungu. N'zoona?

YANKHO: Bambo, zikomo powalimbikitsa anawo, ndipo asanayambe akapemphe nzeru kwa akuluakulu osunga kachisi wa ku Khulubvi, chifukwa nkhaniyi ili ndi eni ake. Si iwo oyamba kuiika pabwalo: Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978.

Mbiri ya M'bona imasimbidwa mosiyanasiyana. Ena amaika mlandu wa imfa yake pa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, ena pa Mlauli, malume ake a M'bona. Monga mwa kusimba kwachiwiriku, Mlauli analephera kugwetsa mvula pachilala, mphwake anavina mvula n'kugwa, ndipo nsanje inabuka. M'bona anathawira kummwera, omulondola anamupeza, zida zawo zinakanika kumulasa mpaka iye mwini anawauza chomuphera. Mutu wake unaikidwa ku Khulubvi.

Kuona kwanga, M'bona si ngwazi yatsoka. Sanaphonye paliponse. Anaphedwa chifukwa cha mphatso yake, ndipo imfa yake sinali kugwa, popeza ndi pamene anayamba kupembedzedwa ngati mwini mvula wa chigwa chonse. Ameneyo ndi wofera anthu, ndipo ulemu wake ndi wamtundu wina. Kumuumiriza kulowa m'chikombole cha Aristotle n'kumuchepetsa.

Ngati anawo akufunadi sewero latsoka, ayang'ane kwa Mlauli. Taganizani munthu amene kwa zaka zambiri mudzi unkamudalira, tsiku lina wavina mpaka thukuta kuuma, kumwamba kuli mbee, kenako kamnyamata ka mlongo wake kalowa m'bwalo, mitambo n'kuyamba kusonkhana anthu onse akuona. Aristotle ananena kuti tsoka lopweteka koposa ndi lochitika pakati pa abale, ndipo kwa ife Amang'anja, amene mwana wa mlongo ndiye mlowam'malo, malume akaukira mphwake amakhala akudula mphukira ya mtengo wake womwe. Agiriki anali naye malume wotere. M'sewero la Antigone, Creon, mfumu ya ku Thebes, ndi mlongo wake wa Jocasta, choncho Antigone, mwana wa Jocasta ndi Oedipus, ndi mphwake. Creon analetsa kuika maliro a Polyneices, mlongo wake wa Antigone amene anaukira Thebes, poganiza kuti akuteteza mzinda, Antigone anakaika, ndipo Creon anamutsekera m'phanga. Pamene ankasintha maganizo n'kuthamangira kukatsekula, mtsikanayo anali atadzimangirira kale, mwana wa Creon yemwe anali bwenzi lake anadzibaya pomwepo, ndipo mayi wa mnyamatayo atamva anadziphanso. Creon amalowa pabwalo atanyamula mtembo wa mwana wake, akuvomereza kuti wapha ndi iye.

Anawo akafika pa chigawo chomaliza, asathamangire kuimba nyimbo yotsekera. Amusiye Mlauli yekha pakati pa bwalo, amene anawatuma aja atabwerako n'kumuuza kuti ntchito yatheka, ndipo amupatse nthawi yokwanira kuti oonera amuone akumvetsa chimene wachita.